Batani Lopanda Dzina

Chaka chija Ruo anasiya njira yake
nalowa m'nyumba mwathu ku Makhanga,
anatenga mbuzi, anatenga chitseko,
anatenganso kachitini ka mafuta odzola
momwe ndinkasungamo timakhadi tanga ta nyimbo.
Tinali tisanu ndi tiwiri, ndinkatidziwa ndi chikhadabo:
kena kobenthuka pakona, kena ndinakamata phula.

Kumsasa ku Bangula mphwanga Zuze anati,
"Achimwene, zotsala m'foni tizikweze kumtambo,
kumeneko madzi safikako."
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Mtambo womwewu watigwetsera makoma,
ndiye ndiusungitse ulimba wa bambo anga?
Koma ndinalola.
Bandulo ya sabata yathunthu inathera pomwepo.

M'foni mwangamu mumakhala mayi wina.
Kwawo sindinamufunse. Chisena sachidziwa,
Chichewa amachitafuna ngati nzimbe youma,
akati atchule Nyamithuthu umachita kumumvera chisoni.
Komabe tinkamvana.
Chala changa chikamayenda pagalasi iye ankandiuza:
apa mpoyimbira, apa mpoimitsira, apa nyimbo yotsatira.
Ndikagogoda kawiri chitseko chinkatseguka.
Sindinkabwereka maso kwa munthu.

Lachiwiri lapitali, foni itagona pa tchaji
kwa Alufandika wometa uja,
akuti inadzikonza yokha usiku.
Openya akuti yakongola,
mawanga ngati chitenje chatsopano pamsika wa Ngabu.
Ine ndakhudza, mayi uja akuti: batani.
Ndasuntha chala: batani.
M'munsi mwake: batani, batani, batani,
ngati mudzi umene ana onse anawatcha Mwana.

Limodzi mwa amenewa limayimba.
Limodzi limafufuta.
Onse ngoterera ngati mimba ya mlamba.

Nyimbo mazana atatu zili m'mwambamo,
ndipo pakati pake pali mphindi zinayi
zimene ndinajambula pakhonde chaka cha dzombe:
bambo akumenya ulimba,
tambala akuwalowerera,
wina chapatali akufunsa ngati madzi aphwa kudimba.
Manda awo mchenga unakwirira,
mtanda sitinaupezenso.
Mphindi zinayizo ndiwo manda amene ndimapitako.

Zuze ali ku Nchalo, akudula nzimbe,
abwera akalandira.
Mwana wa aneba angandithandize, inde,
koma amatsomphola foni m'manja mwanga
ngati akulanda mpeni kwa khanda.
"Mukufuna iti?"
Ndingadziwe bwanji iti ndisanayende ndekha m'mizere,
monga munthu amazungulira m'dimba mwake
osafuna kuthyola kanthu,
kungosisita masamba a mbatata?

Iwe amene unaumba timabataniti,
kaya uli mumzinda uti wozizira,
sindikupempha maso ako, khala nawo.
Ndikupempha liwu limodzi pa chitseko chilichonse.
Ngakhale thumba la thonje likafika pa sikelo
amalilemba dzina la mwiniwake.

Madzulo ano malata akadali kulavula moto wa masana,
udzudzu wakudambo wayamba kale msonkhano wake.
Ndawerenga kuchokera kumanzere: loyamba, lachiwiri, lachitatu.
Chala chaima m'malere
ngati cha mlenje amene sakudziwa
ngati chagwedezeka m'bangomo ndi nsomba kapena ng'ona.

Ndagogoda kawiri.

Zii.

Netiweki ikuwoloka Shire pa bwato lobooka,
ikukapa madzi, ikupalasa, ikukapanso.
Mayi uja wangoti duu.
Mtima uli pakhosi.

Kenaka chifuwa.
Chifuwa chija cha fodya wa chingambwe,
kukhosomola kawiri asanakweze timitengo,
ndipo chikasi choyamba chayankha pansi pa thabwa.

Ndatenga kaphula kakang'ono ngati njere ya mapira,
ndamata pagalasi, pamalo pomwepo,
monga tinkazikira bango posonyeza malire a munda,
tikudziwa bwino lomwe
kuti madzi akadzabweranso usiku
adzasuntha zonse osatifunsa.